Makalata a Omvera: Mwana Wothawira Kunsi kwa Bedi

Takulandiraninso, omvera. Sabata ino makalata abwera ambiri, koma ilipo imodzi imene ndaiwerenga katatu. Yachokera kwa mayi wina wa ku Mponela. Mwana wawo wamkazi wa zaka 7 anamupeza ndi matenda a shuga, ndipo amabayidwa insulini m'mawa ndi madzulo. Alemba kuti: "Akangoona kabotolo amathawira kunsi kwa bedi. Timachita kumugwira awiri, ine ndi mlongo wake. Dzulo ndinangomusiya osabaya, chisoni chinandigwira."

Mayi, chisoni chanucho ndachimva, inenso ndine kholo. Koma zodumphitsa jakisoni zokhazo ayi, ndakukanizani. Mwa mwana wotere kapamba analeka kupanga insulini, ndiye shuga wa m'nsima amangodzaza m'magazi osalowa m'thupi. Mukamadumphitsa, mwana ayamba kusanza, kupuma mozama, kenako kukomoka. Insulini isanatulukiridwe ku Toronto mu 1921, ana otere sankachedwa kumwalira. Woyamba kubayidwa, mu Januwale 1922, anali Leonard Thompson, mnyamata wa zaka 14 amene anali atatheratu, ndipo anadzuka. Kabotolo kamene mwana wanu akuthawako ndi mankhwala omwewo.

Tsono zomugwira awiri ngati mbuzi ya pa Khirisimasi zithe. Mukhazikeni pamiyendo panu, msana wake pachifuwa panu. Zoti abayidwa musamufunse, koma malo asankhe yekha: "Lero pamimba kapena pantchafu?" Mupatseni sirinji yopanda singano abaye chidole chake kaye, akhale namwino iyeyo. Ndipo musamuname kuti sizipweteka, ana si opusa. Muuzeni kuti ziluma ngati nyerere, muwerengere limodzi mpaka 10, basi zatha.

Penanso ululu timauwonjezera tokha. Insulini yongochoka kumene mufiriji imaluma kwambiri, muziyamba mwaifumbata m'manja kuti kuzizira kuchoke. Singano yogwiritsa ntchito kambirimbiri imabuntha. Kubaya malo amodzimodzi kumatupitsa timabuluma pakhungu, ndipo mankhwala salowa bwino pamenepo, choncho muzisinthasintha. Mukapitanso kuchipatala funsani anamwino ngati ali ndi masingano aafupi. Alipo ena aafupi mpaka mamilimita 4.

Koma omvera, ndiloleni ndilalikire pang'ono, popeza makalata atatu sabata ino akudandaula zomwezi. Mantha a jakisoniwa anawadzala ndani? Si ife tomwe? Mwana akakana phala: "Ndikakubayitsa jakisoni!" Akalira m'minibasi: "Tonthola, adokotala awo akubwera!" Zaka zisanu tikumuopseza ndi singano, lero tikudabwa kuti akuiona ngati chilango. Enafe tinaleredwa choncho, ndipo taonani zotsatira zake: ine ndi ndevu zangazi, pa katemera wa Covid ndinatsinzina n'kugwira mkono wa mlonda.

Tipite kwa ena mwachangu. Bambo a ku Nsanje akuti alibe firiji, nanga ndi kutentha kwa ku Chigwa? Bambo, mtsuko wadothi wokhala ndi mchenga wonyowa, pamthunzi, kabotolo mukulunge m'pulasitiki kasanyowe. Padzuwa ayi, pafupi ndi mbaula ayi.

Agogo a ku Mzimba akufunsa ngati mdzukulu angasiye jakisoni n'kumamwa zitsamba. Agogo, ndi ulemu wonse, ayi. Palibe muzu umene ungalowe m'malo mwa insulini.

Aphunzitsi a ku Zomba akuti wophunzira wawo wa matenda a shuga amanjenjemera ndi kutuluka thukuta buleki isanakwane. Ameneyo shuga watsika, aphunzitsi, si ulesi. Ngati ali maso ndipo akutha kumeza, mupatseni madzi a shuga pompo, kenako adye, ndipo makolo adziwe tsiku lomwelo. Akakomoka musamuthire kanthu mkamwa, thamangirani naye kuchipatala.

Mayi a ku Mponela, mudzatilemberenso pakatha sabata ziwiri. Ndikufuna kumva kuti chidole chija chabayidwa kangati.