Filimu ya Mfumukazi Elizabeth si buku la mbiri

Makolo anzanga, mwamva kale za anyamata aja anamenyana ku video show Loweruka, wina mpaka diso kutupa. Gwero lake ndi filimu ija ya Elizabeth ya 1998, imene Cate Blanchett anasewera ngati mfumukazi ya ku England. Atatha kuonera wina nkuyamba kutukwana mnzake kuti inu Akatolika ndinu okupha anthu. Ndiye mundimvetse bwino, filimu si buku la mbiri. Ndibwereze, si buku la mbiri ayi.

Zoona zilimo ndithu. Elizabeth analowa ufumu mu 1558 ali ndi zaka 25, nkulamulira mpaka 1603 osakwatiwa. Mkulu wake Mary, amene anali mfumukazi iye asanalowe ufumu, anatenthadi Apulotesitanti pafupifupi 300, ndi moto uja mumauona koyambirira. Koma nayenso Elizabeth mu ulamuliro wake ansembe a Katolika anaphedwa, monga Edmund Campion mu 1581, mbali zonse ziwiri zinakhetsa magazi. Zina angopeka kuti filimu ikome. Robert Dudley, bwenzi lake lapamtima, amuonetsa ngati anamuukira mfumukazi pomwe munthuyo anali wokhulupirika mpaka imfa yake mu 1588. William Cecil, mlangizi wamkulu wa mfumukazi, akuti anamupumitsa ntchito, bodza limenelo, anagwira mpaka kumwalira mu 1598.

Mayi mwafunsa kuti tingowaletsa anawa asamaonere? Ayi mayi, mukaletsa lero mawa aonera pa foni ya mnzake inu muli kumunda. Ndipo filimuyo ndi yokoma, ine ndimaikonda, mtsikana wamng'ono atazingidwa ndi madoda onse akumukakamiza banja iye nkukana, atsikana athu atolapo kanthu pamenepo. Vuto ndi ifeyo, timangopereka ndalama ya video bola mwana achoke pakhomo, osafunsa nkomwe kuti akukaonera chani. Mwana wina mkalasi mwanga analemba pa mayeso kuti Mary of Guise, mayi amene ankalamulira ku Scotland, anachita kuphedwa, poti anaona mufilimu, chonsecho mayiyo anamwalira ndi matenda mu 1560. Malikisi anapita choncho. Filimu si buku la mbiri!

Ndaona kumbuyoko mwayamba kudzuka, ndifulumire. Ang'onoang'ono asaonere, muli zamaliseche ndi zozunza anthu. Akuluakuluwo mukhale nawo, akatha muwafunse zomwe amva, zokayikitsa abwere nazo kusukulu titsegule buku limodzi. Makolo a anyamata awiri aja mutsale pang'ono tionane.