Gerwyn Price: Wa Rugby Amene Anavundula Madzi mu Darts

Takulandiraninso abale ndi alongo. Lero tikambe za munthu amene akangokwera pa nsanja anthu masauzande amayamba kumukuwiza, iye n'kumapambanabe. Ameneyu ndi Gerwyn Price wa ku Markham, kamudzi ka m'dera la Caerphilly ku Wales.

Kwa inu amene darts mumangoiona kutali: wosewera amaima mamita 2.37 kuchokera pa bolodi n'kuponya timivi titatu. Aliyense amayamba ndi mapointi 501, n'kumachotsera mpaka afike pa ziro. Koma muvi wotsiriza uyenera kulasa kamzere kopyapyala ka m'mphepete kotchedwa double, kapena pakati penipeni pa bolodi. Apa ndi pamene akatswiri amanjenjemera manja.

Price anabadwa mu 1985, ndipo unyamata wake wonse anathera mu rugby. Ankasewera ngati hooker, uja amapanikizika pakati pa mzere wakutsogolo osewera akamakankhana mitu ili pansi. Anasewera ku Neath, ku Cross Keys, komanso kwa kanthawi kochepa ku Glasgow Warriors. Mu 2014, ali ndi zaka 28, anapita ku mpikisano wosankhira osewera wa PDC, bungwe loyendetsa mipikisano ya akatswiri a darts, ndipo anapata chiphaso chosewerera m'mipikisanoyo. Rugby anaisiya, koma khalidwe la m'bwalo la rugby anabwera nalo: kufuula, kukunga zibakera, kubangula akangolasa 180, mapointi ochuluka kwambiri amene munthu angapate ndi mivi itatu.

Mkangano unabuka mu 2018 ku Wolverhampton, pa fainolo ya Grand Slam of Darts. Mdani wake anali Gary Anderson wa ku Scotland, katswiri wokondedwa kwambiri. Price akalasa bwino ankafuula Anderson ali pafupi pomwepo, mpaka awiriwa anatsutsana pa nsanja, oonerera akukuwa. Price anapambana 16-13, chikho chake choyamba chachikulu, koma kenako analipitsidwa mapaundi 21,500, ndalama zimene zinachepetsedwa atachita apilo. Kuyambira tsiku limenelo, holo iliyonse ku England inamutenga ngati mdani. Kunena zoona, oonerera nawonso ankanyanya: kuimbira munthu mluzu pamene akuponya muvi wotsiriza si kuchemerera ayi. Iye sanagonje. Grand Slam anaitenganso mu 2019 ndi mu 2021.

Tsono tamverani izi. Pa 3 January 2021, ku Alexandra Palace mu mzinda wa London, Price anafika pa fainolo ya mpikisano wa dziko lonse. Wokumana naye? Anderson yemwe uja. Koma chifukwa cha Covid-19, mu holo munalibe oonerera, zii, wokuwiza ngakhale mmodzi. Price anali patsogolo kwambiri, koma atafika pomaliza anaphonya mivi 11 yoti atsirizire masewerawo, kenako n'kulasa double 5. Zinathera 7-3. Anatenga mapaundi 500,000, anakhala nambala wani pa dziko lonse, komanso munthu woyamba wa ku Wales kupambana chikho chimenechi pansi pa PDC. Ena akale monga Leighton Rees mu 1978 anapambana ku bungwe lina la BDO.

Pamodzi ndi mnzake Jonny Clayton anapatsanso Wales chikho cha World Cup, mpikisano wa matimu a mayiko, mu 2020 ndi mu 2023.

Oonerera atabwerera, phokoso linabwereranso. Pa 1 January 2023, akusewera ndi Gabriel Clemens wa ku Germany mu mpikisano wa dziko lonse pa Alexandra Palace pomwepo, Price anatuluka kokapuma atavala zotsekera makutu zazikulu, zija amavala anthu a m'mafakitale. Holo yonse inaphulika ndi chiseko ndi mikuwo. Sizinamuthandize, anagonja 5-1. Atatha masewerawo analemba pa Instagram kuti mwina sadzaseweranso mpikisanowo, koma December wotsatira anali pa nsanja yomweyo, mivi ili m'manja.