Makina a hydraulic odinda njerwa: tiwakonzere mawaya kuti azidziyendetsa okha

Takulandirani, amisiri anzanga. Lero tili pa makina a hydraulic, kutanthauza oyendera mphamvu ya oyilo, odinda njerwa za dothi losakaniza ndi simenti. Tikufuna kuti mukadina batani limodzi, silinda itsike, idinde, idikire pang'ono, kenako ibwerere yokha.

[Pa sikirini: thanki, pampu, valavu ndi silinda]

Tidziwe kaye mphamvu imene tikuseweretsa. Nzeru yake ndi yakale, Joseph Bramah analembetsa makina otere ku London mu 1795. Silinda ya mamilimita 100 m'mimba mwake, oyilo akafika pa 150 bar (muyeso wa mphamvu imene oyilo akukankhira), imakankha ndi mphamvu ya matani pafupifupi 12. Dzanja likapezeka pamenepo, n'zachisoni.

Chowongolera oyilo ndi valavu ya 4/3, kutanthauza ya madoko anayi ndi malo atatu oima. Ili ndi solenoid, koyilo imene imasuntha valavu ikalandira magetsi, mbali zonse ziwiri: Y1 imatsitsa silinda, Y2 imaikweza. Zonse zikakhala zopanda magetsi, masipuling'i amabwezera valavu pakati, silinda n'kuima. Chigwireni chimenechi, chitithandiza kutsogoloku.

Musanagwire waya, lembani ndondomeko papepala.

[Pa sikirini: mzere woyamba wa mawaya a 24 V]

Batani loyambitsira limayatsa relay K1, switchi yoyendera magetsi imene imayatsa Y1. K1 imadzigwira yokha kudzera pa kontakiti yake, ndiye mukachotsa chala, Y1 imakhalabe yoyaka. Nanga makina adziwa bwanji kuti njerwa yakhwima? Ambiri amaika limit switch pansipo, switchi imene silinda imaigunda ikafika pamalopo. Ine sindigwirizana nazo. Dothi sililowa lofanana nthawi zonse, wina amatapa lambiri, wina lochepa, lina lanyowa. Limit switch imangoona pamene silinda yafika, ndiye njerwa zina zimatuluka zofumbutuka. Ikani pressure switch, switchi yomva mphamvu ya oyilo. Ikamva kuti mphamvu yakwana, imayatsa timer, masekondi awiri kapena atatu, kenako K1 imazima, relay yachiwiri K2 n'kuyatsa Y2. Limit switch malo ake ndi pamwamba, kuzimitsa K2 silinda ikabwerera.

Chenjerani apa: relief valve, valavu yobwezera oyilo mu thanki mphamvu ikapyola muyeso, muitchere pamwamba pang'ono pa pressure switch. Mukaitchera pansi, mphamvu siifika pamene switchi ikudikira. Silinda imangokakamira, pampu ikulira, oyilo akubwerera mu thanki uku akutentha, inu n'kumasakasaka vuto m'mawaya muli bwinobwino.

K1 ndi K2 zisayake limodzi. Pa mzere wa K1 ikani kontakiti yotseka ya K2, imene imadutsitsa magetsi K2 ikakhala yozima, pa mzere wa K2 yotseka ya K1.

Tsopano za moyo wa munthu. Batani lofiira loimitsira likhale lotseka nthawi zonse, lodutsitsa magetsi mpaka wina alidine, kuti waya wake ukaduka, kaya waudya khoswe, makina aime. Chitseko cha chikombole chikhale ndi switchi yake pa mzere womwewo. Magetsi akathima, relay zonse zimamasuka, valavu ibwerera pakati, ndipo akabweranso makina sayamba okha mpaka wina adinenso batani. N'chifukwa chake sitiyambitsira ndi switchi yokhazikika ngati ya nyale. Silinda yoimirira imathanso kutsika pang'onopang'ono ndi kulemera kwake, choncho ikani pilot-operated check valve, valavu yotsekera oyilo m'silinda mpaka mphamvu ya pampu itaitsegula, pa doko lake la m'munsi.

Poyesa koyamba, musathire dothi, ndipo tsitsani mphamvu. Silinda ili pakati pa ulendo, tsegulani chitseko. Bwerezani, muzule waya wa batani lofiira. Kachitatu, zimitsani magetsi n'kuyatsanso. Ikasuntha ngakhale kamodzi, bwererani ku pepala lija musanaitane anyamata oumba.