Mini driver: ndodo yapakati imene yalowa m'zikwama za akatswiri a gofu

(Kamera ikuonetsa Mulanje Golf Club m'mawa, nkhungu itakuta phiri)

Moni nonse. Lero ndili kuno ku Mulanje, ndipo ndanyamula ndodo zitatu. Tayang'anani mitu yake.

Yaikuluyi ndi driver, ndodo yomenyera mpira patali poyamba dzenje. Malamulo a R&A ndi USGA, mabungwe oyang'anira malamulo a gofu, salola kuti mutu wake upitirire 460cc (cc ndi muyeso wa kukula kwa mutuwo). Yaing'onoyi ndi 3-wood, mutu wake sufika n'komwe 200cc. Yapakatiyi ndiye mini driver, ya mutu wa cha m'ma 300cc, ndipo ndi imene tikambe lero.

(Kamera iyandikire, ndodo zitatu zitaimikidwa pamodzi)

Chinsinsi chake chagona pa mpini. Wa driver umatalika mainchi 45 ndi theka kapena kupitirira pang'ono, pomwe wa mini driver ndi wamfupi ndi mainchi awiri kapena kuyandikira pamenepo. Mainchi awiri akumveka ngati nkhambakamwa, koma amene munagwirapo nkhwangwa mukudziwa kuti mpini ukatalikitsa, kutema pamalo amodzi kawiri kumavuta. Ndi mpini wamfupi, mpira umagunda pakati pa nkhope ya ndodo kawirikawiri, ndipo ukagunda pakati suthawira kumbali.

Nkhopeyi yapendekera kumwamba madigiri 11.5 kapena 13.5, kuposa ma driver ambiri, choncho mpira umakwera mosavuta ndipo sukhota kwambiri. Komanso ndi yotalika, kuchokera pansi kufika pamwamba, kuposa ya 3-wood. Ukayika mpira pa tee, kamtengo kokwezera mpira, n'kuyang'ana pansi, mtima umakhala m'malo.

Kampani ya TaylorMade inatulutsa SLDR Mini ya 260cc mu 2014, koma ambiri sanaitengere. Zinasintha mu 2021 pamene Phil Mickelson anapambana PGA Championship ku Kiawah Island ali ndi zaka 50, m'chikwama mwake muli mini driver ya TaylorMade yotchedwa Original One Mini. BRNR Mini ya TaylorMade inabwera mu 2023, Callaway inatulutsa yake ya 340cc mu 2024, ndipo Titleist inatsatira ndi GT280 mu 2025.

Ineyo ndimaikonda chifukwa cha mabwalo athuwa, kuno ndi ku Thyolo. Nthawi ya dzinja udzu wa m'mbali umakula msanga, ndipo mpira ukalowamo, inu ndi caddie wanu, wokunyamulirani ndodo, mumangopalasa ndi mapazi, anzanu akudikira kumbuyo. Mpira wa gofu si wotchipa, abale. Bola kutaya mayadi ochepa koma mpira n'kugwera pa fairway, pa udzu wotchetcha wapakati.

Koma ndisakunamizeni. Kumenya mpira uli pansi, wopanda tee, n'kovuta ndi ndodo imeneyi, makamaka chiperoni chikanyowetsa bwalo. Mutu waukuluwu umafuna dzanja laliwiro kuti mpira unyamuke. Ngati mumadalira 3-wood pomenya kachiwiri pa dzenje lalitali, musaichotse. Kumbukiraninso kuti lamulo limalola ndodo 14 zokha m'chikwama, ndiye mini driver ikalowa, ina ituluke. M'chikwama changa inatuluka ndi driver imene, chifukwa inkanditayitsa mipira kumanja sabata iliyonse.

(Wofotokoza abaya tee pansi)

Onani mmene ndayikira tee: motsika kuposa wa driver, kachigawo kochepa chabe ka mpira n'komwe kakuonekera pamwamba pa mutu. Kamera itsatire mpirawo kulowera kumitengo ya kumanzere uko, ndimenye kawiri, kaye ndi driver, kenako ndi iyi.