Mwini Esiteti Wakulola Kusaka, Nanga Oyandikana Naye Akudziwa?

Zikomo a gulupu, mafumu nonse, amayi ndi abambo. Anyamata mwakhala kuseri kwa mtengo uko, tasenderani kuno, nkhaniyi eni ake ndinu.

A komiti andipempha kuti ndilankhulepo za kusaka nyama m'maesiteti ndi m'minda ya eni. Kuno ku Kasungu tazunguliridwa ndi maesiteti a fodya, ndipo ambiri salimidwa onse. Mbali ina akulima, mbali ina inabwerera tchire, misuku ndi miombo inaphukanso, ndipo m'menemo muli akalulu, nkhanga, nkhwali, agwape, pena ndi nguluwe zomwe. Ukamadutsa m'mamawa n'kuona mapazi a gwape pamchenga, mtima sukhala m'malo. Ndiye umapita kwa mwini malo, iye n'kunena kuti, "Kasakeni, bola musandiwotchere tchire." Iwe n'kumati basi zatheka. Koma milandu yambiri ya alenje imene imafika pabwalo ngati lino si ya akuba ayi. Ndi ya munthu woti analoledwa ndithu, koma amene ankadziwa za chilolezocho anali anthu awiri okha, iye ndi womulolayo.

Tiyambe tafunsana: wakulola ndani? Ndimamva anyamata akuti, "Alonda anatilola." Mlonda ntchito yake ndi kulonda, alibe malo ogawa. Kapitawo chimodzimodzi. Tenanti naye ndi mlendo pamalopo, chaka chino ali pano, chaka chamawa wasamukira ku Mzimba. Tsiku limene zinthu zidzavute, mlonda yemweyo poopa kuchotsedwa ntchito adzalumbira kuti nkhope yako sanaionepo. Wolola weniweni ndi mwini lizi, kapena manijala amene mwiniwakeyo anamusiyira mphamvu. Ndipo akulembereni. Sizofuna loya, pepala lothothola m'kope la mwana wasukulu likwana. Palembedwe dzina lanu, masiku amene mudzasake, malire ake, mwachitsanzo kuyambira kudambo kulekeza pamsewu wa ngolo, ngati mudzakhale ndi agalu kapena mfuti, ndi nambala ya foni ya mwini maloyo. Asayine. Mukatero mupite nalo kwa amfumu a mudzi umene wachita malire ndi esitetiyo akadindepo chidindo chawo. Pepalalo mulikulunge m'kajumbo, chifukwa mame ndi thukuta zimafufuta inki.

Tsono apa mumvetsetse. Mwini esiteti ali ndi mphamvu pa nthaka yake, koma nyama zakutchire si mbuzi za m'khola mwake. Lamulo la dziko lino la nyama zakutchire, la chaka cha 1992, limene analikhwimitsa mu 2017, limaika nyamazi m'manja mwa boma m'malo mwa Amalawi tonse. Chilolezo cha mwini malo chimakutsegulirani chipata basi. Mbewa palibe amene adzakufunseni chiphaso. Koma nyama zili m'magulumagulu, ndipo zina pamafunika chiphaso chochokera kwa a gemu, ngakhale cha mbalame chilipo. Musamangoganizira nokha kuti gwape ndi kanyama kakang'ono, palibe mlandu. Ofesi ya a gemu tili nayo pafupi, kafunseni kuti nyama yakuti ili m'gulu liti. Ndiye pali zina zoti musayerekeze n'komwe. Ngaka mukaipeza sithawa, imangodzipinda, mwana akhoza kuinyamula. Isiyeni pomwepo. Mlandu wa ngaka uli limodzi ndi wa minyanga ya njovu ndi nyanga ya chipembere, ndipo chilango chake chimatha kufika zaka 30 kundende. Kalata ya mwini esiteti sidzakuthandizani kukhoti.

Mfuti nayo imafuna pepala lake la kupolisi. Gogodela wosula kuseri kwa nyumba alibe pepala, ndipo kungopezeka naye ndi mlandu kale, kaya mwawombera kaya simunawombere. Makhwekhwe a waya, tameki wothira m'madeya, kuyatsa tchire, kuthobwa nyama m'maso ndi tochi usiku, zonsezi mwini malo sangakuloleni chifukwa si zake zololeza. Khwekhwe lilibe maso. Mawa mudzapeza lakola mbuzi ya amayi awa, kapena phazi la mwana wobusa.

Tibwere kwa anthu oyandikana nawo, chifukwa nkhani yagona pamenepa. Alenje mumadandaula kuti anthu ndi a nsanje, amangokulondalondani. Ine ndikuti ali ndi zifukwa zomveka, ndipo mukazidziwa simudzawayankha mwamwano.

Akuluakulu muli panowa mukukumbukira mmene maesiteti ambiri anayambira m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Malo amene anali a midzi anasanduka a lizi. Alipo mabanja amene mabwinja awo, mitengo ya mango imene anabzala agogo awo, pena ndi manda omwe, zili mkati mwa esiteti. Mayi wa pamudzi umenewo akalowa kukatola nkhuni, mlonda amamulanda nkhwangwa. Ndiye tsiku lina aona inu, munthu wochokera kwina, mukulowa ndi agalu asanu ndi mfuti paphewa, mlonda yemweyo akukugwadirani. Mukuganiza kuti mumtima mwake muli chiyani? Musanalankhule naye n'komwe, iye wakuikani kale mbali ya abwana.

Kuwonjezera apo, anthu atopa ndi kuberedwa. Mbuzi zikutuluka m'khola usiku, ng'ombe kutsekulidwa, fodya kuphwasulidwa m'chigafa, chimanga kukololedwa chisanaume. Wakuba naye amayamba wazonda, ndipo njira yophweka yozondera mudzi ndi kuyenda ndi agalu ngati mlenje. Komanso tili pafupi ndi paki. Mu 2022 anabweretsa njovu 263 kuchokera ku Liwonde kudzaziika mu Kasungu National Park, ndipo maso a a gemu ali tcheru m'midzi yozungulira. Munthu wopezeka ndi nyama yofiira m'thumba, funso loyamba ndi lakuti waitenga m'paki. Anthu a pamudzi safuna kuti galimoto ya a gemu idzaime pakhomo pawo chifukwa cha nyama imene wadya ndi wina.

Chachikulu chimene ndimaopa ndi mphekesera. Mu 2017 nkhani ya anamapopa itabuka ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu osalakwa anaphedwa ndi gulu, ena chifukwa chongokhala achilendo pamalopo, ena chifukwa chonyamula chikwama chimene anthu sanachimvetse. Gulu likatentha silifunsa pepala. Ndipo usiku, munthu ali ndi tochi pamphumi, chikwanje m'manja, magazi pamalaya, inuyo mukanamuyesa ndani?

Akuluakulu anati nkhanga zinapangana kusanapse. Ulendo wanu woyamba kumaloko ukhale wamasana, wopanda mfuti, wopanda galu. Mukafike kwa amfumu, mukhale pansi, munene mbiri yanu, kwanu ndi kuti, amene wakulolani ndani. Amfumu akakutumizeni kwa apolisi a m'mudzi, nawo akuoneni nkhope ndi kulemba nambala yanu. Kenako muyendere makomo amene ali m'mphepete mwenimweni mwa esitetiyo. Sakhala ambiri. Kumeneko musapite ndi mawu oti "ndabwera kudzakudziwitsani". Pitani ndi mafunso. Amayi amatola nkhuni mbali iti? Nthawi ya dzinja bowa amazula kuti? Ana amadyetsera kuti mbuzi? Njira yachidule ya kusukulu imadutsa pati? Munthu amene wakulozerani ndi chala chake kumene kumagona nguluwe sangadzakuwenso kuti wakuba. Ngati n'kotheka tengani mnyamata mmodzi wa pamudzipo muziyenda naye, mumugawire chimene mwapeza. Anthu akamva agalu akuuwa kutchire adzangoti, "Ndi aja ali ndi mwana wa uje aja."

Ndipo mufunse za manda. Kuno kwathu mukudziwa nokha kuti mitengo ya kumanda sidulidwa, choncho nkhanga ndi agwape zimakonda kuthawira komweko. Galu akalowa, muitaneni muli kunja. Kumeneko kuli eni ake, kuli dambwe, ndipo mlandu wake suona kuti uli ndi kalata ya ndani. Masiku anonso munthu wachilendo woonedwa akuzungulira manda anthu amamuganizira zoopsa kwambiri.

Muli mkati mosaka, malire amene analembedwa aja ndi malire. Nyama mwailasa, yathawira m'munda mwa munthu wina, magazi akuoneka pamasamba. Mtima umati tsatira. Imani kaye, mupite pakhomo mukaodire, mwini munda apite nanu. Ikakhala nguluwe yovulala, kuwachenjeza ndi udindo wanu, chifukwa imeneyo ikhoza kung'amba munthu wongodzipalira chinangwa chake. Mfuti musaloze kumene kuli mudzi kapena njira, ndipo chinthu chongogwedeza udzu musawombere musanachione mutu ndi miyendo. Agalu anu akhale obayitsa katemera wa chiwewe. Akagwira nkhuku ya munthu, lipirani tsiku lomwelo, osadikira kuti mwiniwake achite kuwerenga nkhuku zake madzulo.

Anyamata a mbewa musaseke, inunso zikukukhudzani. Munda wokolola uli ndi mwini wake. Alipo alimi pano amene amasiya dala mapesi kuti aphimbire nthaka, monga amatiphunzitsira alangizi. Inu mubwera mu Seputembala ndi machesi, kuti mauna aoneke bwino. Mphepo ya mwezi umenewo mukuidziwa. Moto udya mapesi, ulumpha msewu, udya udzu wofolera umene munthu anamweta mwezi wathunthu, ulowa m'bulugamu wa eni. Zonsezo chifukwa cha kapani kamodzi ka mbewa. Pemphani, kumbani popanda moto, mukamaliza kwirirani maenje ndi kukonza mizere imene mwagumula.

Nanga zikachitika kuti anthu akuzingani muli kutchire, mutani? Musathawe. Wothawa ndi wakuba, ndi mmene gulu limawerengera. Zimitsani tochi kapena iloze pansi, osati kumaso kwa anthu. Mfuti chotsani chipolopolo, muigoneke pansi iwo akuona, chikwanje chimodzimodzi. Gwirani agalu. Khalani pansi, perekani moni, tchulani dzina lanu ndi la amfumu amene anakudindirani kalata. Sankhani wamkulu mmodzi pagulupo muzilankhula naye, osamayankha aliyense amene akukuwa kumbuyo. Mupatseni pepala awerenge yekha, ndipo foni ya mwini malo aimbe ndi iyeyo, mawu amveke kwa onse. Pali mawu amodzi amene musadzawatulutse ngakhale atakutukwanani chotani: "Malo ano si anu." Mwina pa lamulo mukunena zoona, koma mwakhudza bala lija ndanena poyamba. Akati tiyeni kwa amfumu, nyamukani mosanyinyirika. Akati lero bwererani, bwererani. Kalulu mudzamupeza tsiku lina. Mawa lake inu ndi mwini malo mukakambirane ndi anthuwo pabwalo dzuwa likuswa mtengo.

Inunso eni mudzi ndikupempheni. Mukaona tochi kuesiteti, musayambe ndi mfuu. Imbirani apolisi a m'mudzi, imbirani amfumu, mwina akudziwa kale. Ngati munthuyo alibe pepala, kapena ali ndi nyama yoletsedwa, ntchito yanu ndi kumupereka kupolisi kapena kwa a gemu ali wamoyo, wopanda bala. Amene waponya mwala pagulu amayankha mlandu payekha, ndipo munthu akafa mlandu wake ndi wakupha.

Eya, amayi kumbuyoko, ndamva funso lanu. Akuti nanga nguluwe zikamatha chimanga m'munda mwanga momwe, ndidikire chiphaso? Lamulo limalola munthu kudziteteza, iye ndi mbewu zake, ngati palibiretu njira ina pa nthawi imeneyo. Koma ikakhala nyama yotetezedwa, mukaipha mumakanena msanga kwa a gemu, ndipo sikuti yasanduka yanu yoti mukagulitse pamsika. Chanzeru ndi kukanena zisanafike pamenepo, kuti iwo adziwe kuti kuno nguluwe zavuta. Ikakhala njovu, musayese n'komwe, imbani foni.

Abambo apo akufunsa za mwendo wa amfumu. Mwambo umenewo sunathe, a gulupu ali pompano angandikonze. Kale pa uzimba nyama ikagwa, mwini dziko ankalandira gawo lake, ndipo aliyense amene anathamanga nawo sankabwerera chimanjamanja. Lero mwini esiteti mumupatse lake, amfumu lawo, ndipo khomo limene agalu anu anasokosera m'mamawa musalidumphe, ngakhale kachiwindi kokha. Koma ikhale nyama yololedwa, musagawire amfumu mlandu.

A gulupu, ine pempho langa ndi lakuti alembi a mudzi uliwonse akhale ndi tsamba m'kaundula lolembamo amene wapatsidwa chilolezo, esiteti yake ndi masiku ake, kuti apolisi a m'mudzi akaimbiridwa foni usiku azingotsegula buku. Ngati mafumu mwavomereza, alembi atsalire tikatha pano tigwirizane kalembedwe kake. Zikomo, ndabweza mawu kwa inu.