Gawo 14: Mbale ya gogo ku Māngere

Moni nonse kumudziko ndi kulikonse kumene mukumvera. Ndikuyankhula ndili ku Māngere, kuno ku Auckland m'dziko la New Zealand, kumene aneba anga ambiri ndi Asamoa.

Lamlungu lapitali agogo a nyumba yoyandikana nane anandiitana ku to'ona'i, chakudya chachikulu chomwe amadya akaweruka kutchalitchi. Panali koko wathu yemweyu, iwo amati talo. Panali palusami, masamba a koko ophikira mu msuzi wa kokonati, ndi nyama ya m'chitini yomwe amati pisupo. Agogowo anandigwira mkono, nkupukusa mutu: "Mwanangu, akukuzunza kuntchito?" Nkundiwonjezera m'mbale. Ndinakumbuka amayi anga pomwepo. Paja kwathu munthu akakuuza kuti wanenepa, ndiye kuti wakuyamikira, ukudya bwino. Ukaonda anthu amayamba kunong'onezana. Kwa agogowa thupi lalikulu ndi ulemu, umboni woti abale ako amakusamala.

Koma pambali panga panakhala mdzukulu wawo. Anangotapa pang'ono, nkukankha koko. Amadzuka mbandakucha kukathamanga ndi anzake akutchalitchi, ndipo foni yake yadzaza zithunzi za atsikana a chiuno chaching'ono. Anandinong'oneza kuti bambo ake amapita ku dialysis, makina osefa magazi, katatu pa sabata chifukwa cha shuga. Ku mbali ina akuopa matenda, ku mbali ina wayamba kuchita manyazi ndi thupi lomwe agogo ake amalinyadira. Manyaziwo ndi amene anandipweteka mtima.

Anthu akunja amafulumira kuseka Asamoa chifukwa cha kunenepa, koma sadziwa mbiri yake. Zinyophiro za nkhukundembo, zamafuta okhaokha, zinkachokera ku America zotsika mtengo. Boma la Samoa linaziletsa mu 2007, koma linakakamizika kuchotsa chiletsocho litalowa m'bungwe la zamalonda padziko lonse la WTO mu 2012. Mu 2013 kunamveka kuti kampani ya Samoa Air inkalipiritsa okwera ndege malinga ndi kulemera kwawo. Tangoganizani kukwera sikelo pagulu. Mu 2016 asayansi anapeza kuti Asamoa ambiri ali ndi chibadwa china, pa jini ya CREBRF, chomwe chimapangitsa thupi kusunga mafuta msanga.

Potuluka, agogo anandipakira chakudya chokwana masiku atatu. Mdzukulu uja anandiperekeza mpaka pageti, nkundifunsa ngati ndingapite nawo kothamanga Lachiwiri. Ndinavomera. Nsapato ndagula dzulo ku Ōtara.