Chitsa chimaphukabe

Mwadzuka bwanji, abale ndi alongo mwa Ambuye.

Pali funso limene ambiri timangolisunga mumtima, sitilitulutsa pagulu: ngati ndinapulumutsidwadi, bwanji ukali wakale uja ukundibwererabe? Bwanji kaduka, bwanji lilime silikugwirika? Ena amafika pokayikira kuti mwina sanatembenuke mtima kwenikweni.

Taganizirani za Petro. Uyu ndiye anadzazidwa ndi Mzimu Woyera pa Pentekoste, nalalikira, anthu ngati 3,000 nabatizidwa tsiku lomwelo (Machitidwe 2:41). Ndi yemweyu anaona masomphenya ku Yopa, nalowa m'nyumba ya Korneliyo ku Kaisareya, n'kunena ndi pakamwa pake kuti Mulungu alibe tsankho. Koma ku Antiokeya zinatani? Ankadya bwinobwino ndi abale a mitundu ina. Atangofika anthu ochokera kwa Yakobo, Petro, munthu wamkulu, anayamba kuzemba, kukhala payekha, poopa Ayuda oumirira mdulidwe. Ngakhale Barnaba anatengeka nazo, mpaka Paulo anachita kumudzudzula Petroyo pamaso pa onse (Agalatiya 2:11-14). Mantha omwe aja anamukanitsa Yesu katatu pabwalo la mkulu wa ansembe anali akadalipo, atangobisala.

Mukadula mtengo, umagwa, mthunzi wake n'kutha. Koma chitsa chimatsala, ndipo mvula ikagwa mumaona timphukira. Umunthu wathu wakale uli choncho. Paulo amautchula kuti "thupi", ndipo polembera anthu okhulupirira kale, osati akunja, akuti thupi lilakalaka potsutsana ndi Mzimu, Mzimunso potsutsana ndi thupi (Agalatiya 5:17). Yohane naye sadzichotsamo: "Tikati kuti tilibe uchimo, tidzinyenga tokha" (1 Yohane 1:8). Taonani kuti akuti "ti", osati "mu".

Akhristu akhala akukambirana nkhaniyi kwa zaka mazanamazana. Pa Aroma 7, pamene Paulo akudandaula kuti chabwino chimene achifuna sachichita, ena amati akukamba za moyo wake asanakumane ndi Khristu. Augustine, bishopu wakale wa kumpoto kwa Africa, poyamba ankaganiza motero, koma atakula anasintha n'kuvomereza kuti ndi kulira kwa munthu wokhulupirira. Martin Luther ankati Mkhristu ndi wolungama komanso wochimwa pa nthawi imodzi. Ngakhale John Wesley, amene ankalimbikira kwambiri za chiyero, anavomera kuti mwa wobadwanso uchimo umatsalira, kungoti sulamulira.

Pamenepo ndi pamene pagona nkhani. Aroma 6:12 sakunena kuti uchimo unasamuka, akuti musaulole uchite ufumu m'thupi lanu. Simungauzidwe kuti muletse chinthu chimene kulibe. Kale tinkachimwa n'kugona tulo tabwinobwino. Lero mawu amodzi oipa amatisowetsa mtendere mpaka titapepesa. Kusowa mtendere kumeneko ine sindikuona ngati umboni woti simunapulumuke. Wakufa salimbana ndi kanthu.

Koma apa tisamalepo, chifukwa timakonda kubisala kuseri kwa mawu akuti "ndine munthu, nanga n'kutani". Chiphunzitso ichi si chilolezo. Paulo anafunsa yekha ngati tingapitirize kuchimwa kuti chisomo chichuluke, nayankha kuti msatero ayi (Aroma 6:1-2). Mphukira imathyoledwa ikadali yanthete, ndi zala zokha. Mukaisiya miyezi ingapo idzafuna nkhwangwa. Ganizo lija lobwezera, uthenga uja mukufuna kutumiza muli okwiya, kabodza kakang'ono kodzitchinjiriza nako, zithyoleni m'mawa uno zisanakhwime. Ndipo ngati dzulo munagwa, vesi lotsatira la Yohane uja (1 Yohane 1:9) likuti tikavomereza machimo athu, Iye ali wokhulupirika ndi wolungama kutikhululukira.

Tipemphere. Atate, mukudziwa pamene chitsa changa chimakonda kuphukira. Ndipatseni maso kuti ndione msanga lero, ndi m'bale wolimba mtima ngati Paulo woti andiuze ndikayamba kuzemba. M'dzina la Yesu, Amen.